Kutupa si Kunenepa

1992

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimatseketsa wailesi munthu akangoyamba kulalikira za zakudya, ndipo mmodzi wa inu anafika ponena kuti ukalamba wandilowetsa nkhanza. Si ukalamba ayi. Mkwiyo umenewu ndinautola ku mapiri a Dedza ndidakali ndi mano onse mkamwa, ndipo poti tsopano ndinapuma pa ntchito, mpata woti ndikufotokozereni ulipo.

Unamwino ndinayambira kuchigwa, kotentha, kumene odwala ambiri anali a malungo. M'chaka cha 1992 anandisamutsira ku kachipatala ka kumapiri, kutali ndi tala, ukapatuka pa Linthipe. Tinafika ndi bambo anu pa lole yobwerera kukanyamula mbatata, matilesi athu atanyowa ndi nkhungu. Ine wozolowera kugona ndi chitenje chokha ndinaphunzira kugona ndi juzi. Mkulu wa pachipatalapo anali a Mwale, wothandizira dokotala, ngakhale anthu onse ankangowatchula kuti adokotala. Anali munthu wa mtima wabwino ndi dzanja lofewa pobaya jakisoni, koma phokoso ankaliopa koopsa. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Tisapute anthu, mayi, tigwire ntchito tizipita."

Anandipatsa chipinda cha ana operewera zakudya m'thupi, chimene anthu ankangoti kumagulu, chifukwa ndi kumene tinkaphunzitsa amayi magulu a zakudya. Chinali chaka cha chilala, ndipo chipindacho chinkadzaza mpaka pakhonde. Mkaka waufa unkabwera pamene wafunira. Sikelo inalipo imodzi, yopachika pa mtanda wa denga, ndipo kabudula wake woyezera ana ndinkachita kumusoka ndekha akang'ambika. Nkhuni zophikira phala amayi ankabwera nazo pamutu. Sindinkadandaula kwambiri, chifukwa ntchitoyo inali ndi malipiro ake: mwana amene wabwera osatha ngakhale kulira, kumuona akulanda supuni m'manja mwa amake.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kumvetsa kuti nkhani yanga muitsate. Njala imagwira ana mwa mitundu iwiri. Wina amauma, nthiti zonse poyera, ndipo ameneyu aliyense amamuona kuti akudwala. Wina amatupa masaya, mapazi ndi manja, khungu limanyezimira, ndipo wodutsa panjira akhoza kuyamikira kuti mwanayu akudya bwino. Ameneyu ndiye amapusitsa anthu. Ukayamba kumupatsa mkaka pang'onopang'ono, madzi aja amaphwa, sikelo imatsika, mafupa amaonekera, ndipo mwana amaoneka ngati waipiratu pamene ndi pomwe wayamba kuchira. Zimenezi ndinkazifotokoza kwa mayi aliyense tsiku lofika, ndipo ambiri ankapirira.

1995

Zipani zambiri zitabwera ndinavina nawo, musaganize kuti ndinali wa kale. Ndinali nditatopa ndi kunong'ona m'nyumba mwanga momwe. Koma walira mvula walira matope. Pakamwa pamene panamasuka sipanali pa anthu anzeru okha.

Munthu wina wa m'tauni, amene dzina lake sindilemba muno kuopa angamve kukoma ngati adakali moyo, anayamba kujambula mawu ake pa makaseti. Ankadzitcha dokotala wa zachilengedwe. Nkhope yake sitinaionepo, sukulu imene anaphunzira palibe ankaidziwa, koma mawu ake anali okoma ndi odekha ngati a wansembe pa ukwati. Makasetiwo ankagulitsidwa pa msika wa ku Boma pamodzi ndi a nyimbo, ndipo anthu ankabwerekana n'kumajambulirana mpaka anafika m'midzi imene ngakhale galimoto ya katemera inkalephera kufika. Ankati thupi la munthu ndi mbiya, ndipo mbiya yakuda uyambe waitsuka. Mazira, mkaka, mtedza, nyemba ndi mafuta ankati ndi zakudya zakufa zimene zimaola m'magazi n'kusanduka poizoni. Wofuna moyo azimwa madzi a mandimu ndi adyo, msuzi wa kabichi wosaphika, ndi phala lamadzimadzi losathira kanthu. Izi ankati ndi za aliyense, wamkulu ndi khanda lomwe. Ukafooka ankati poizoni akutuluka, ukamwalira ankati unachedwa kuyamba. Munthuyo analibe pomugwirira.

Ndinamumva koyamba m'minibasi ndikupita ku Boma kukatenga mankhwala. Ndinapirira mpaka pamene ananena kuti mkaka ndi mafinya a ng'ombe, ndipo ndinauza kondakitala kuti atseke zabodzazo. Bambo wina wa jekete yemwe anakhala kumbuyo kwanga anandizindikira ndi yunifomu.

"A Nesi, inu kwanu kuli chiyani?" anatero. "Tikabwera mumatipatsa asipirini n'kutiuza kuti tikapemphere. Musiyeni mnzanuyu atiuze, mwina iye ali nacho."

Anthu anaseka, ndipo za asipirini bamboyo sananame. Inali nthawi ya matenda aja amene sitinkawatchula dzina. Anyamata ndi atsikana ankangoonda tikuwaona, maliro mudzi uliwonse, ndipo ife a chipatala tinalibe choti n'kuwapatsa. Munthu amene akumira amagwira chilichonse, ndipo ogula makasetiwo sindinawadepo. Amene ndinkamuda ndi wogulitsayo, amene anaona anthu ali pa mantha n'kuona msika.

Ngakhale bambo anu, Mulungu ause mzimu wawo, anabwera nayo kaseti kunyumba. Anandilalikira za mbiya, anandiletsa kuthira nsinjiro m'ndiwo zawo, anayamba kununkha adyo mpaka ana a sukulu amene ankawaphunzitsa anawapatsa dzina. Sabata isanathe ndinawapeza kukhitchini akukazinga mazira, chitseko atatseka. Atandiona anati, "Ndimangofuna ndione ngati alidi akufa." Tinaseka, ndipo kasetiyo anajambulirapo nyimbo za kwaya. Koma bambo anu anali munthu wamkulu wa thupi lake, ndipo njala itawapweteka anadziwa kolowera. Mwana wa zaka ziwiri alibe khitchini yothawirako.

1996

Tiyamike anabwera mu Febuluwale, mvula ili pakati, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitauma ndipo chimanga cha m'munda chisanache. Anali wa zaka ziwiri. Anabwera naye ndi amake, Agnesi, mtsikana wofatsa wa mudzi wina kuseri kwa phiri, amene anali ndi pakati pena. Mimba itangodziwika anamuletsa mwanayo kuyamwa, monga mwa mwambo, ndipo kuyambira pamenepo Tiyamike ankangodya phala loyera ndi mbatata. Anali atatupa mpaka maso kutsala timing'alu, tsitsi litafiira, ndipo sankalira koma kung'ung'udza basi. Ndinayamba naye mkaka wochepa pafupipafupi, ndikumufunditsa chifukwa ana otere chisanu chimawapha msanga. Patapita masiku madzi anayamba kuphwa. Maso anatseguka. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza atagwira kapu yekha ndi manja awiri, ndipo nditafuna kumulanda kuti ndimuthandize anandiyang'ana moipidwa. Kwa ife a kumagulu, mwana akayamba mwano ndiye kuti wabwerera.

Tsiku lomwelo masana anafika bambo ake, a Sitefano, pa njinga, wailesi ya kaseti atamangirira pa keliyala. Anali mwamuna wamtali, waukhondo, wa kolona m'khosi, wochita malonda otengera mbatata ku Lilongwe. Analowa, anamuyang'ana mwanayo, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Uyu ndi Tiyamike?" anafunsa. "Mwana wanga anabwera kuno ali ndi thupi. Mwamutani?"

"Limene lija silinali thupi, bambo, anali madzi," ndinatero. "Kutupa si kunenepa. Mwanayu akuchira."

"Kuchira kwake kumeneku? Nthiti zonsezi? Mukumupatsa chiyani?"

Nditatchula mkaka anagwira mutu. Anatuluka, anamasula wailesi ija, anaiika pakhonde n'kutsegula kuti amayi onse amve. Mawu odekha aja anayamba kuyenda m'chipinda changa, pakati pa ana anga odwala, akunena za mafinya a ng'ombe, ndipo ndinaona amayi ena akuyang'ana makapu a ana awo mokayika. Ndinapita n'kukaitseka ndekha. A Sitefano anati akumutenga mwana wawo tsiku lomwelo.

Ndinamukokera Agnesi kuseri kwa khitchini. Ndinamufunsa ngati iyenso akukhulupirira zimenezi.

"A Nesi, nkhani si mkaka ayi," anatero motsitsa mawu. "Kumudzi akuti mwanayu ndi tsempho."

Inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Kwathu kuno mwana akatupa, akuluakulu amati wasemphedwa, kutanthauza kuti bambo ake anakayenda ndi mkazi wina kunja n'kubwera kudzamugwira mwanayo. A Sitefano anali mkamwini, ankakhala kwawo kwa mkazi, ndipo malonda awo ankawagoneka ku Lilongwe kawirikawiri. Malume ake a Agnesi, a Kaliyati, anali atanena kale kuti mwanayo akapanda kuchira, mkamwiniyo atenge njinga yake azipita. Ndiye kunabwera kaseti ija. Mwanayo atayamba kutupa, Agnesi anali atayesa kumuthirira nsinjiro m'phala ndi kumuphikira dzira, ndipo kasetiyo inati zimenezo ndiye poizoni. A Sitefano anaigwira ndi manja awiri. Ankailiza pabwalo madzulo alionse kuti apongozi amve kuti iwo alibe mlandu.

Pamenepo ndinaona mmene zinthu zinalili. Akavomera za tsempho ndiye kuti ndi wachigololo. Akavomera za ine, kuti ndi njala, ndiye kuti ndi mwamuna amene anagulitsa nyemba zonse mwana wake akufota. Munthu wa pakaseti yekha ndi amene ankawauza kuti iwo ndi oyera, wolakwa ndi dzira. Ndani angakane mawu otere?

Ndinathamangira kwa a Mwale kuti akane kumutulutsa mwanayo, kapena angowaopseza bambowo, popeza mawu a mwamuna mnzawo mwina akanawamva. Anandimvetsera akusisita chipumi.

"Mayi, ino ndi nthawi ina," anatero. "Munthu ali ndi ufulu pa mwana wake. Tikamukaniza atipititsa kwa andale, mawa mumva dzina lathu m'nyuzipepala kuti tikumanga anthu pachipatala."

"Nanga Tiyamike ufulu wake uli kuti? Akapita, mwanayu sabwerera wamoyo."

"Alangizeni bwino, muwapatse mwayi wobweranso. Tisapute anthu."

Ndinawalangiza, ndinawapempha, ndinafika pogwada, ine mayi wamkulu pamaso pa mwamuna woti ndikanatha kumubereka. Ndinati andipatse sabata imodzi yokha. A Sitefano anandidzutsa mwaulemu ndithu, n'kunena kuti sakundida ine, koma nzeru zathu ndi zachikale. Agnesi anabereka mwana kumsana, anakwera pa keliyala, wailesi ataigwira pamiyendo, ndipo anapita. Kapu ya Tiyamike inatsala ili ndi mkaka theka.

Lamulungu lachiwiri lake, nditatuluka ku Misa, ndinalephera kupirira. A Mwale anandichenjeza kuti ndikapita kumudziko ndapita pandekha, ndipo pambuyo pake anakandinenezadi kwa akuluakulu kuti ndimasiya ntchito n'kumakayambana ndi anthu m'midzi. Zimenezo zinandichedwetsa kukwezedwa, koma sizimene zimandipweteka. Ndinayenda m'matope kudutsa minda ya kabichi mpaka ndinafika. Ndinapeza anthu ali pabwalo, ndipo a Sitefano atandiona anaimirira akumwetulira ndi mtima wonse.

"Mwachita bwino kubwera, a Nesi, mudzaone nokha," anatero. "Thupi lija munalichotsa labwerera."

Mwanayo anamugoneka pa mphasa padzuwa. Anali atatupa kuposa poyamba, khungu la m'miyendo litasupuka, maso atatsekeka. Pambali pake panali kapu ya madzi a mandimu. Bambowo sankanama, ana anga, ankakhulupiriradi kuti mwana wawo wanenepa, ndipo chimenecho ndi chimene chinandithyola mtima. Ndinagwada, ndinadina chala pa phazi la Tiyamike n'kuchotsa. Kadzenje kanatsala pomwepo osabwerera. Ndinawauza kuti adine nawonso pa mkono wawo aone ngati mnofu umatero.

A Kaliyati, malume aja, anasendera pafupi. "Amayi, inu mwaona ana ambiri. Tiuzeni poyera. Limeneli si tsempho?"

"Si tsempho," ndinatero. "Kumene mkamwini wanuyu amagona ku Lilongwe ine sindikudziwa, ndipo si ntchito yanga. Koma ana otere ndawasamala ochuluka, ena bambo awo anamwalira iwo asanabadwe. Anawasempha ndani?"

"Nanga n'chiyani?"

"Njala."

Mawu amenewa sanasiye aliyense: mkamwini wogulitsa nyemba, malume wa nkhokwe yake, ndi amayi onse amene analetsa mwana bere osaganiza choti adye m'malo mwake. A Sitefano anati m'nyumba mwawo simunagonepo munthu ndi njala. Ndinawayankha kuti mimba ya mwanayo inkadzazadi, koma ndi mbatata ndi madzi, ndipo tizakudya tochepa timene tikanamumanga thupi anatiletsa munthu amene sanamuonepo. Amuna aja anayamba kukangana okhaokha za amene wanyozedwa. Agnesi anaimirira ndi mimba yakeyo, ananyamula mwana, anamubereka, n'kuyamba kutsika njira ya kuchipatala. Ine ndinamutsatira. Titafika kudambo ndinamva njinga kumbuyo, a Sitefano akuikankha, opanda wailesi.

Tinayesa zonse zimene tinali nazo. A Mwale nawonso, ndinene zoona, sanachoke pambali pa mwanayo. Koma Tiyamike anali atayamba kutsegula m'mimba, thupi linali lozizira ngakhale timufunditse chotani, ndipo mkaka sankathanso kumeza. Tiyamike anamwalira m'mawa wa Lachitatu ali m'manja mwa amake.

Kumaliro ndinapita. Munthu wa pakaseti sanabwere, sanatumize nkhuni ngakhale mbale ya ufa, ndipo mpaka lero sadziwa kuti kunali mwana dzina lake Tiyamike. Ife a chipatala tikalakwitsa, anthu amadziwa khomo lathu, amabwera kudzatiloza chala, ndipo n'koyenera. Iye ankalankhula ali kutali, mawu okhaokha opanda nkhope, ndipo sabata yomweyo ndinamumvanso m'minibasi akuuza anthu ena za mbiya. Masiku ano ndikumva kuti anzake achuluka, akulankhulira m'mafoni mwanumo, ovala bwino, ndipo mumanditumizira kuti ndione. Funso langa limakhala limodzi: zikavuta, ameneyu tikamupeza kuti?

Patapita masabata angapo, ndikutsuka makapu pakhonde la kumagulu, ndinaona a Sitefano ataima pa geti, mutu wometa wa pamaliro tsitsi litangoyamba kumera. Anali ataonda. Analonjera, anakhala pa benchi ya amayi, chipewa chili m'manja. A Mwale nawonso anatuluka n'kuima pafupi. Bambowo anati a Kaliyati sanawathamangitse, nkhani ya tsempho inatha. Koma ndinadziwa kuti chimene abwerera sichinatuluke.

"A Nesi, ndili ndi funso limodzi," anatero osandiyang'ana. "Tsiku lija, ndikanamusiya pano, akanachira?"

A Mwale anandiponyera diso, ndipo ndinalimva bwino lomwe. Yankho la aliyense likudziwika: zinali za Mulungu, tsiku lake linakwana, musadziimbe mlandu. Ndi mawu amene ndawanena kwa anthu ambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala oona. Munthu anali patsogolo pangayu anali wosweka kale, ndipo mawu amodzi okha akanamupeputsa katundu wa moyo wake wonse. Pa zaka zonse za ntchito yanga sindinavutikepo ndi yankho ngati tsiku limenelo. Koma ndinaganiza za Agnesi, amene anali atatsala pang'ono kubereka mwana wina. Ndikanati zinali za Mulungu, ndiye kuti mkaka ndi mandimu n'chimodzimodzi, ndipo mwana wobwerayo akadzangotentha thupi, wailesi ija idzatsegulidwanso pabwalo. Bamboyu anali atanamizidwa kale mokoma ndi munthu wina, ndipo ine sindinafune kukhala wachiwiri.

"Za mawa adziwa ndi Mulungu," ndinatero, "koma mwandifunsa ine. Akanachira, a Sitefano. Anali atayamba kale kugwira kapu yekha."

A Mwale analowa m'kati. A Sitefano anaweramitsa mutu, mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinawasiya alire chifukwa panalibe choti ndionjezere. Ndinapitiriza kutsuka makapu anga, misozi nanenso ikugwera m'beseni. Anakhala pa benchipo mpaka dzuwa linapendeka, amayi akuwalambalala ndi ana awo. Pomaliza anaimirira, anapukuta nkhope ndi chipewa, anagwira njinga. Atafika pa geti anatembenuka.

"Mwana akubwerayu," anatero, "sikelo ya ana mumapanga tsiku lanji?"

"Lachisanu m'mawa," ndinawayankha. "Mubwere naye ndinu."